Mneni Wochitidwa ndi Mbiri ya ku Mvera

Polemba mbiri m'Chingerezi anthu akonda kunena kuti Mvera was founded in 1889. Chiganizo chotere chibisa wochita. Anafikako ndiwo A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, koma wowaloleza kukhala anali Chiwere, mfumu ya Angoni, ndipo osenza mitengo ndi udzu anali eni dziko a m'mapiri a Dowa. Onsewa mneni wochitidwa awameza.

Inu amene mudzaphunzitsa ku Dowa kapena ku Ntchisi, musayese kuti mneniyu ndi mlendo kwa ana, pakuti -idwa ndi -edwa anayamwira. Chowasokoneza n'china. Ife tisiyanitsa "mbale inaswedwa", pomwe pali woiswa, ndi "mbale inasweka", pomwe sitiloza munthu. Chingerezi chikhoza kunena was broken pa zonse ziwiri, ndipo woswayo aoneka pokhapokha wolemba atawonjeza by.