Mbalame Zoboola Mabotolo a Mkaka ku Britain

Kwa zaka zambiri za m'ma 1900, mabanja a ku Britain ankalandirira mkaka pakhomo. Wogulitsa ankalawira m'bandakucha n'kusiya mabotolo pakhonde eni nyumba ali m'tulo. Mkakawo unali wosachotsa mafuta, ndipo mafutawo ankayandama pamwamba, kugunda chivindikiro.

Mu 1921, ku Swaythling pafupi ndi Southampton, anthu anayamba kupeza zivindikiro zitabooledwa. Wakubayo anali kambalame kochepa ngati timba, ka mtundu wa tit. Kuthengo mbalamezi zimasenda makungwa pofuna tizilombo, motero chivindikiro cha katoni, ngakhale cha aluminiyamu chomwe chinabwera pambuyo pake, sichinali kanthu kwa izo. Zinkangofuna mafuta okha, pakuti mbalame sizigaya bwino shuga wa mumkaka.

Eni nyumba anayesa kusanjika timiyala ndi nsalu pamabotolo, koma nthawi zina mbalamezo zinkachotsa. Zina zinkalondola ngolo ya wogulitsa n'kujompha mabotolo iye akatembenuka. Zingapo zinapezeka zitafera m'botolo mutu uli pansi, zitasuzumira mopitirira.

Mu 1949, James Fisher ndi Robert Hinde anasindikiza m'magazini ya British Birds zimene anthu a m'madera ambiri anaona. Popeza mbalamezi sizipita kutali ndi kumene zinaswedwa, iwo anaona kuti khalidweli linayambika palokha m'malo angapo, kenako n'kufalikira kuchokera pamenepo.

Funso lovuta linali lakuti: kodi zinkaonera zinzake? Mu 1984, ku Canada, David Sherry ndi Bennett Galef anapeza kuti mbalame ya chickadee, yachibale ndi tit, imatha kuphunzira pongopeza chotengera chimene inzake yaboola kale, osaiona ikuboola. Umboni wamphamvu wa kuonera unadza mu 2015, pamene Lucy Aplin ndi anzake anaphunzitsa mbalame zochepa za great tit m'nkhalango ya Wytham, pafupi ndi Oxford, kukankhira kachitseko ka bokosi la chakudya kumanja kapena kumanzere. Gulu lililonse la mbalame linatengera mbali imene zophunzitsidwa za m'gululo zinkagwiritsa ntchito, ngakhale mbali zonse zinkatseguka.

Pofika nthawiyo n'kuti mwambo wa pakhonde utazilala. Anthu ambiri anayamba kumwa mkaka wochepa mafuta, wogula m'masitolo akuluakulu m'zigubu zapulasitiki, ndipo kuboola mabotolo kunayamba kusowa.