Mlandu wa Press Trust ndi udindo wa oyendetsa makampani m'Malawi

Mlandu wa Press Trust, umene bwalo la apilo la Supreme Court linagamula mu Januwale 1997, ndi umodzi mwa milandu imene aliyense wophunzira zamalamulo m'dziko muno amakumana nayo. Anthu ambiri amaukumbukira ngati mkangano wa ndale pakati pa boma la chipani cha UDF ndi chipani cha MCP. Koma gwero lake linali funso limene limabuka m'kampani iliyonse: kodi munthu amene wapatsidwa chuma cha anthu ena kuti achisamale amayankha kwa ndani?

Chiyambi cha Press

Press inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ngati kampani yosindikiza nyuzipepala ya chipani cha MCP, ya Malawi News. M'chaka cha 1969 kunakhazikitsidwa kampani ya Press Holdings, ndipo pafupifupi masheya onse anali m'dzina la Dr Hastings Kamuzu Banda. Kampaniyi inakula mofulumira mpaka inali ndi minda ya fodya, masitolo, mafakitale komanso masheya m'mabanki akuluakulu. Kukulako kunadalira kwambiri ngongole, zina zochokera ku bungwe la ADMARC, zina ku mabanki amene Press yomweyo inali ndi gawo la umwini. Pamene zaka za m'ma 1980 zimayamba, ngongolezo zinali zitafika m'khosi. Boma, mogwirizana ndi World Bank, linalowererapo, ndipo mu 1984 kunabadwa kampani ya Press Corporation Limited.

Izi zisanachitike, mu 1982, Dr Banda anali atasamutsira masheya ake ku bungwe la Press Trust, kudzera m'chikalata chonena kuti chumacho chizipindulira mtundu wa Amalawi. Pa pepala, mwini chuma anali mtundu wonse. Koma mphamvu yoyendetsa bungweli inatsalabe kwa iye ndi anthu amene anali pafupi naye, ndipo panalibe njira yoti Mmalawi wamba, kapena phungu wake, afunse momwe phindu likugwiritsidwira ntchito.

Lamulo la 1995 ndi zigamulo ziwiri

Boma litasintha mu 1994, nkhani ya Press inali pamwamba. Mu Novembala 1995 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Press Trust Reconstruction Act, limene linasintha kasankhidwe ka matrasti ndi kayendetsedwe ka bungweli. Nduna ya zachuma panthawiyo anali a Aleke Banda, amene kale anayendetsapo Press Holdings asanatsekeredwe m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992.

Aphungu a MCP anatuluka m'Nyumba posagwirizana ndi biluyo. Kutuluka kwawo kunali ndi tanthauzo pa malamulo, chifukwa gawo 50 la malamulo oyendetsera dziko linkafuna kuti pakhale aphungu awiri mwa atatu alionse kuti zokambirana ziyambe. Pa chisankho cha 1994, mwa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56 ndipo AFORD 36. Chiwerengero chofunikacho chinali 118, kutanthauza kuti UDF ndi AFORD pamodzi zinkangochiposa ndi aphungu atatu okha.

Chipani cha MCP, pamodzi ndi aphungu ake awiri, a Louis Chimango ndi Dr Hetherwick Ntaba, chinakasuma ku bwalo lalikulu la High Court. Mu 1996 woweruza milandu Dunstain Mwaungulu anagamula kuti lamulolo linali lopanda mphamvu, chifukwa silinatsate ndondomeko yokhazikitsira malamulo komanso linaphwanya ufulu wokhala ndi katundu. Mlangizi wa boma pa zamalamulo anachita apilo, ndipo bwalo la Supreme Court linasintha chigamulocho. Bwaloli linati chiwerengero cha aphungu chimene malamulo oyendetsera dziko amatchula ndi cha poyamba zokambirana, ndipo kulakwitsa ndondomeko za mkati mwa Nyumba ndi nkhani ya Nyumbayo, osati ya makhoti. Linatinso matrasti sanalandidwe katundu wawo, popeza chumacho ankangochisungira mtundu wa Amalawi.

Mfundo imene inautsa mapiri pachigwa inali yakuti boma silingaime chifukwa choti aphungu ena anyanyala, kotero kuti nthawi zina zinthu ziyenera kuchitika ndithu pofuna kuti dziko liyende. Akatswiri ena a zamalamulo anaidzudzula mfundoyi, ponena kuti ikhoza kukhala khomo lozembera malamulo oyendetsera dziko. Mu 2001 gawo 50 linasinthidwa, ndipo chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa theka la aphungu kuphatikizapo mmodzi.

Chimene mlanduwu sunachite n'chofunika kuchizindikira. Mabwalo onse awiri anakambirana za ndondomeko ya Nyumba ya Malamulo ndi za umwini. Sanaunike mabuku a kampani, ndipo sanagamule ngati oyendetsa Press anasamala chumacho moyenera kapena ayi. Kuyankha pa kayendetsedwe ka chuma kunabwera kudzera njira ina: mu 1998 Press Corporation inalembetsedwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, zimene zinaikakamiza kumafalitsa malipoti a zachuma ndi kumaitanitsa misonkhano ya eni masheya. Press Trust ndiyo ili ndi masheya ambiri m'kampaniyi kuposa wina aliyense, ndipo kampaniyi ndiyo ili ndi gawo lalikulu la umwini wa National Bank of Malawi.

Mwini masheya ochepa angasume bwanji

Malamulo a makampani m'Malawi anatengera kwambiri a ku England. Kumeneko, mlandu wa Foss ndi Harbottle wa 1843 unakhazikitsa mfundo yakuti kampani ikalakwiridwa, woyenera kusuma ndi kampaniyo, osati mwini masheya payekha. Mfundoyi imateteza makampani ku milandu yosatha, koma ili ndi chilema chodziwikiratu. Amene amasankha ngati kampani isume ndi mamembala a bodi, ndipo kawirikawiri olakwawo amakhala omwewo. Fisi sangakhale woweruza pa mlandu wa mbuzi yosowa.

Lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa la 1984, linalemba momveka maudindo a mamembala a bodi. Iwo ayenera kugwira ntchito mokhulupirika ndi mokomera kampani, kuchita zinthu mosamala ndi mwaluso, komanso kuulula ngati ali ndi gawo pa malonda amene kampani ikufuna kuchita. Lamuloli limalolanso mwini masheya kupempha chilolezo cha khoti kuti asume m'dzina la kampani pamene bodi yakhala chete. Pambali pa lamuloli pali ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani yotchedwa Malawi Code II, ya 2010, imene inalowa m'malo mwa yoyamba ya 2001.

Nkhaniyi imakhudza mwachindunji akuluakulu a m'boma. Mabungwe ngati ESCOM, EGENCO ndi ADMARC analembetsedwa ngati makampani, ndipo m'mabodi mwawo mumakhala akuluakulu a maunduna amene amalowamo chifukwa cha maudindo awo. Pamaso pa lamulo la makampani, mkulu wotere ndi membala wa bodi ngati wina aliyense. Udindo wosamala kampani uli pa iye mwini, ndipo kunena kuti lamulo linachokera kumwamba sikuchotsa udindowo. Chimene khoti limayang'ana kwambiri ndi zolembedwa za msonkhano: ndani analipo, anapatsidwa zikalata ziti, anafunsa chiyani, ndipo anavomereza kapena anakana.

Kusintha kwa makhoti ndi ntchito ya maloya

Lamulo labwino silithandiza ngati mlandu ukukhala zaka zambiri usanamvedwe. N'chifukwa chake mu 2007 kunakhazikitsidwa nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda, imene inabwera ndi ndondomeko yakuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa woweruza mlandu usanalowe m'bwalo. Mu 2017 High Court inayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko zakezake zoyendetsera milandu yosakhala ya upandu, kusiya za ku England zimene maloya ankadalira kwa zaka zambiri.

Ntchito ya uloya nayo inasintha. Kwa nthawi yaitali maloya ophunzira m'dziko muno ankachokera ku Chancellor College ku Zomba basi, ndipo lamulo lowayang'anira linali la 1965. Lamulo latsopano la Legal Education and Legal Practitioners Act, limene linalowa m'malo mwake mu 2018, linakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yophunzitsa ntchito yeniyeni ya m'khoti, linalimbitsa ndondomeko yolangira maloya olakwa, ndipo linaika udindo wothandiza anthu osauka mwaulere. Bungwe la Malawi Law Society ndilo limalandira madandaulo ambiri okhudza maloya.

Lamulo lomweli linakhazikitsanso thumba lobwezera anthu amene ndalama zawo zasokonezedwa ndi loya wosakhulupirika. Loya amasunga ndalama za chipukuta misozi, za malonda a nyumba ndi za chuma cha masiye, zimene si zake, ndipo amayenera kuzisunga mu akaunti yosiyana ndi ya ofesi yake.