Kodi Akazi Anayamba Liti Kukhwimitsa Minofu?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wayamba kupita ku jimu kukanyamula zitsulo, ndipo azakhali ake akuti asanduka mwamuna. Kodi zoti akazi azionetsa minofu zinachokera kuti? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, mipikisano yake ndi yadzulodzulo, koma akazi oonetsa mphamvu pagulu analipo kalekale. Ndiloleni ndiyambe ndi amene ndimam'konda kuposa onse, Katie Sandwina.

Dzina lake lenileni linali Katharina Brumbach, wobadwa mu 1884 m'banja la anthu olankhula Chijeremani omwe ankayendayenda n'kumaonetsa zamphamvu m'matenti. Ali namwali, bambo ake ankaika ndalama kwa mwamuna aliyense amene angamugwetse pa masewera ogwetsana. Amuna ankabwera, n'kumadzuka akudzisasa fumbi. Mmodzi mwa ogwetsedwawo anali mnyamata wochepa thupi, Max Heymann. Sanathawe ndi manyazi ayi, anam'funsira, ndipo awiriwo anakhala m'banja mpaka Katie atamwalira mu 1952. Pa zionetsero, Katie ankanyamula mwamuna wake yemweyo, wolemera pafupifupi makilogalamu 75, n'kumukweza pamwamba pa mutu ndi dzanja limodzi. Taganizani, thumba limodzi ndi theka la chimanga, pamkono umodzi! Ankapindanso zitsulo ndi kudula maunyolo. Cha m'ma 1911, ali ndi gulu la zionetsero la Barnum & Bailey ku America, atolankhani ankalemba kwambiri za kukongola kwake komanso zoti ndi mayi wolera mwana, ngati kuti akutsimikizira owerenga kuti ndi mkazi ndithu. Mwana wakeyo, Ted, anadzakhala katswiri wa nkhonya. Ine ndimalemekezanso Max. Mwamuna wonyadira mphamvu za mkazi wake chotere ndi wosowa ngakhale lero.

Pali nkhani ina imene anthu amaikonda, yoti Katie anagonjetsa Eugen Sandow ku New York ponyamula makilogalamu 136, ndipo n'chifukwa chake anadzitcha Sandwina. Nkhaniyi ndi yokoma koma ilibe mizu. Sandow anali munthu wamphamvu wotchuka kwambiri pa nthawiyo. Akanagonja kwa mkazi pagulu, nyuzipepala zonse zikanaphulika nayo, koma ofufuza mbiri ya masewerawa sanaipeze m'zolemba za masiku amenewo. Dzinalo n'lochokeradi kwa Sandow, poti dzina lotchuka linkakopa anthu kugula matikiti.

Kenako panabwera Abbye Stockton wa ku Santa Monica, yemwe kuyambira 1944 ankalemba za akazi onyamula zitsulo m'magazini ya Strength & Health. Mipikisano yoonetsa minofu inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Lisa Lyon anapambana ku Los Angeles mu 1979, ndipo Rachel McLish anakhala woyamba kupambana mpikisano wa Ms. Olympia mu 1980.

Vuto linabuka atafika Bev Francis wa ku Australia, mkazi wa minofu yomwe oweruza anali asanaionepo. Mu 1983 ku Las Vegas anamuika pa nambala 8, ndipo mkangano wa oweruza pa tanthauzo la ukazi unajambulidwa mu filimu ya Pumping Iron II: The Women. Mu 1991 Bev anagonja kwa Lenda Murray ndi pointi imodzi yokha. Chakumapeto kwa 2004, bungwe loyendetsa mipikisanoyi la IFBB linalembera akazi opikisana kuti achepetse minofu ndi 20 peresenti. Izi zimandipweteka mtima. Mpikisano wake ndi wa minofu, ndiye munthu alangidwe bwanji chifukwa chochita bwino zomwe anaitanidwira? Mpikisano wa Ms. Olympia unaima pambuyo pa 2014, Iris Kyle atapambana kakhumi, n'kudzabwereranso mu 2020.

FUNSO: Nanga azakhaliwo akunena zoona?

YANKHO: Ayi. Mahomoni a testosterone, omwe amathandiza kwambiri kukuza minofu, amakhala ochuluka m'thupi la mwamuna kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Mtsikana wonyamula zitsulo amalimba mafupa ndi msana, koma samera ndevu. Chomwe chimasintha mawu n'kumeretsa tsitsi kumaso ndi mankhwala a steroid, ndipo amenewa amawononga chiwindi ndi mtima. Ngati pali choti mumuchenjeze mwana wanu, ndi majakisoni ndi mapiritsi ogulitsidwa mobisa amenewo.

Ndipo azakhaliwo muwafunse mwaulemu: kodi iwo sanasenzepo ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, mwana ali kumbuyo? Amenewo ndi makilogalamu 20 pamutu, tsiku ndi tsiku, osawerengera mtolo wa nkhuni ndi musi wa pamtondo. Palibe anawauzapo kuti asanduka amuna.