Thovu

Mawu akuti thovu timawapeputsa, ngati akunena chinthu chopanda kanthu m'kati, pomwe thovu limanyamula katundu. Oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'matanki agalasi amadalira chipangizo chotchedwa protein skimmer, chomwe nthawi zambiri amachiika m'tanki ina yapansi. Chimapopera mpweya m'madzi, ndipo ndowe za nsomba ndi zotsala za chakudya zimamatirira ku timibulu ta mpweyawo, thovu lakuda n'kukwera kugwera m'kapu zonyansazo zisanawole. Akakweza madzi m'chipangizocho thovu limatuluka lamadzimadzi, akatsitsa limakhuthala. Wogwira ntchito m'mafamu a fodya angatsutse ponena kuti thovu la pa damu silichotsa kanthu. Akunena zoona, koma chifukwa chake ndi mchere: m'madzi opanda mchere, monga a m'Nyanja ya Malawi, timibuluto timaphatikana n'kuphulika msanga tisanakwere ndi zonyansa.