Maphunziro ndi Miyambo ya Asilikali a Pakavalo ku Ulaya

Chiyambi

M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, mafumu a ku England ndi France ankadalira asilikali a pakavalo otchedwa knight. Udindowu sunkabwera mwachisawawa.

Maphunziro

M'mera mpoyamba. Mwana wamwamuna wa m'banja lolemekezeka akafika zaka pafupifupi 7, ankamutumiza ku nyumba ya malinga ya mbuye wina. Kumeneko ankaperekera chakudya ndi kuphunzira ulemu. Pa zaka 14 ankayamba kusamala kavalo ndi zida za mbuye wake, kuphunzira lupanga ndi mkondo, komanso kumuperekeza kunkhondo. Ambiri ankalandira udindo ali ndi zaka pafupifupi 21.

Mwambo wolonga

Mnyamatayo ankasamba, kuvala zoyera ndi kuchezera m'tchalitchi akupemphera. Kutacha ankamumanga lupanga m'chiuno ndi kumumenya kamodzi paphewa kapena pakhosi. Iye ankalumbira kukhulupirika kwa mbuye wake, kuteteza mpingo ndi kuthandiza ofooka. Komabe ambiri ankaphwanya lumbiroli pofunkha midzi ya alimi pankhondo.

Chitsanzo: William Marshal

Marshal sanali mwana woyamba, choncho analibe malo oti adzalowe. Adaphunzira ku Tancarville, m'dera la Normandy, ndipo adalongedwa cha m'ma 1166. Chuma adachipeza m'mipikisano yomenyana pakavalo, momwe wogonja ankalandidwa kavalo kapena kulipira dipo. Mipikisanoyi inkaphetsa anthu, moti Papa Innocent II adailetsa mu 1130, koma idapitirirabe. Mfumu John itamwalira mu 1216, Marshal adasankhidwa kuyang'anira ufumu m'malo mwa Henry III, yemwe anali ndi zaka 9. Mu 1217, ali ndi zaka pafupifupi 70, adatsogolera nkhondo ya ku Lincoln napambana. Adamwalira mu 1219.

Zambiri za iye tikuzidziwa kuchokera mu ndakatulo yaitali imene mwana wake adalembetsa. Wophunzira akumbukire kuti ndakatulo yotamanda imakometsa mwini wake ndipo imabisa zofooka.

Mathero

Ku Crécy mu 1346 ndi ku Agincourt mu 1415, anthu wamba oponya mivi adagonjetsa asilikali a pakavalo a ku France. Mfuti zitafala, mphamvu zawo zidatheratu.

Mafunso
1. Fotokozani magawo atatu a maphunzirowa.
2. N'chifukwa chiyani sitingakhulupirire zonse za m'ndakatulo yotamanda?