Samuel Ajayi Crowther: kapolo amene anadzakhala bishopu

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, tikamakamba mbiri ya amishoni timakonda kuyamba ndi Livingstone n'kuthera pa Laws, ngati kuti uthenga unkayenda ndi azungu okha. Lero ndikufuna ndikuuzeni za mmishoni wakuda wa ku Nigeria, Samuel Ajayi Crowther.

Ajayi anali mnyamata wa mtundu wa Yoruba wochokera ku Osogun. Anagwidwa ukapolo mu 1821, ndipo atagulitsidwa kangapo anamukweza m'sitima ya Apwitikizi. Mu 1822 asilikali apamadzi a ku Britain anagwira sitimayo n'kukatsitsa akapolowo ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone. Kumeneko anabatizidwa mu 1825, anaphunzira pa Fourah Bay, ndipo mu 1843 anadzozedwa unsembe ku London. Atabwerera kwawo ngati mmishoni wa bungwe la Church Missionary Society (CMS), anakumana ndi mayi ake ku Abeokuta mu 1846, patatha zaka 25 chisiyanirane.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi ntchito ya chinenero. Analemba buku la mawu ndi malamulo a Chiyoruba, ndipo anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo kuti anthu akwawo azimva okha popanda wowatanthauzira. Mu 1857 anayambitsa mishoni ya m'mbali mwa mtsinje wa Niger, ndipo antchito ake anali Aafirika anzake. Mlembi wa CMS, Henry Venn, ankakhulupirira kuti mpingo uyenera kudzilamulira, kudzidalira pachuma ndi kudzifalitsa wokha. Maganizo amenewa ndi amene anatsegula njira kuti mu 1864, ku Canterbury, Crowther akhale bishopu woyamba wachiafirika mu mpingo wa Anglican.

Koma Venn anamwalira mu 1873, ndipo zinthu zinasintha. Nthawi imene mayiko a ku Ulaya ankagawana Afirika, kunabwera amishoni achinyamata ochokera ku England amene sankaona munthu wakuda ngati woyenera kutsogolera. Pamsonkhano wa ku Onitsha mu 1890 anaimitsa ntchito abusa ake, kuphatikizapo mwana wake Dandeson, mkuluyo ali pomwepo. Crowther anamwalira ku Lagos pa 31 December 1891, ndipo pampando wake anaikapo mzungu. Mu 2014 mkulu wa mpingowo ku Canterbury, Justin Welby, anapepesa chifukwa cha zimene Crowther anachitidwa.

Kwathu kuno, Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, Josiah Mtekateka, anadzozedwa mu 1965, patatha zaka 101 kuchokera pamene Crowther anadzozedwa. Choncho tikamaphunzitsa mutuwu tisamangofunsa ana kuti mishoni yakutiyakuti anaitsegula ndani. Tiziwafunsanso kuti ankamasulira ndani, ankaphunzitsa m'midzi ndani, nanga n'chifukwa chiyani anthu amenewo anachedwa chonchi kupatsidwa utsogoleri.