Kusunga nkhani mu foni kuti ziwerengedwe popanda intaneti

Kusunga nkhani popanda intaneti ndi kukopera tsamba lonse, mawu ndi zithunzi zake, kulowa mu foni kapena pa memori khadi, kuti lidzatseguke ngakhale pomwe palibe netiweki kapena mamega atatha. Izi n'zosiyana ndi kusunga linki. Linki ndi adiresi chabe ya komwe nkhaniyo ili. Mlimi amene waika nyenyezi pa uthenga wa WhatsApp wokhala ndi linki ya malangizo othana ndi ntchemberezandonda alibe malangizowo m'manja mwake. Akafika kumunda n'kudina, foni imafunanso intaneti.

Kuno ku Niassa nkhaniyi si yaing'ono. Mumzinda wa Lichinga netiweki ya Movitel, Vodacom ndi Tmcel imapezeka, koma m'midzi yambiri ya m'maboma a Lago, Ngauma, Mandimba ndi Mecanhelas imabwera n'kupita. Kufupi ndi malire, ena amayenda ndi simu khadi ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi n'kumasinthasintha. Palinso masiku omwe intaneti imasowa dziko lonse: pa 25 Okutobala 2024, pa nthawi ya zionetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala, intaneti ya m'mafoni inadulidwa ku Mozambique, ndipo masiku otsatira WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutsegula. Amene anali ndi mafayilo mu foni anapitiriza kuwerenga.

Ngakhale makampani osungira anthu nkhani satha kudaliridwa mpaka kalekale. Pulogalamu ya Pocket, yomwe inayamba mu 2007 ndi dzina loti Read It Later ndipo inagulidwa ndi Mozilla mu 2017, inatsekedwa pa 8 Julayi 2025. Oigwiritsa ntchito anapatsidwa miyezi yochepa yoti atulutse zinthu zawo, koma chomwe ankatulutsa chinali mndandanda wa malinki, osati nkhani zenizenizo. Tsamba lomwe mwini wake anali atalifafaniza kale linapita nalo.

Njira yachidule pa foni ya Android ndi ya Chrome. Munthu amatsegula nkhaniyo, amadina timadontho titatu ta pamwamba kudzanja lamanja, kenaka kamuvi kolozera pansi. Tsambalo limakakhala pa Transferências, kapena Downloads ngati foni ili m'Chingerezi. Opera Mini, yomwe ambiri amaikonda chifukwa sidya mamega ambiri, nayonso ili ndi malo osungira masamba. Vuto ndi loti masamba osungidwa chonchi amatseguka bwino m'pulogalamu yomweyo basi, ndipo kuwapereka kwa mnzako kumavuta.

Yabwino koposa ndi PDF. Mu Chrome munthu amasankha Partilhar, kenaka Imprimir, ndipo m'malo mwa makina osindikizira amasankha Guardar como PDF. Mafoni ena amalemba Compartilhar ndi Salvar como PDF, koma ndi chimodzimodzi. Fayilo yotere imatseguka pa foni ina iliyonse ya Android, imayenda pa Bluetooth kapena Xender popanda kudya mega ndi imodzi yomwe, ndipo ingathe kusindikizidwa pa pepala kumalo ojambulira mapepala ku Lichinga, Cuamba kapena Mandimba. Kwa kalabu ya alimi, munthu mmodzi wopita kutawuni akhoza kukopera ndi kugawira onse akabwerera. Pepalalo limathandizanso agogo omwe alibe foni, ndipo silifuna kutchaja.

Kujambula sikirini kumathandiza pa uthenga waufupi. Pa nkhani yaitali zithunzizo zimasokonekera pakati pa zithunzi za ukwati ndi za maliro, ndipo tsamba limodzi likasowa, muyezo wa mankhwala ukhoza kusowa nalo. Pa WhatsApp, PDF imakhala mu foni pokhapokha ikatsitsidwa. M'magulu ena mauthenga anakonzedwa kuti azizimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, choncho chofunika chiyenera kukoperedwa kunja kwa gululo.

Kwa aphunzitsi ndi ana asukulu kuli Kiwix, pulogalamu yaulere yomwe imasunga Wikipedia yonse mu fayilo imodzi ya mtundu wa ZIM. Ya Chipwitikizi ndi yaikulu, imafuna Wi-Fi ndi memori khadi yotakasuka. Ya Chichewa ndi yaing'ono kwambiri, chifukwa nkhani zake n'zochepa.

Nkhani yosungidwa sisintha, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino ndi ngozi yake. Malangizo a kabzalidwe ka nyemba, soya kapena mbatata ya kachewere ochokera ku IIAM, yomwe ili ndi malo ofufuzira za ulimi ku Lichinga, angathe kugwira ntchito zaka zingapo. Koma mtengo wa nandolo, kasinthidwe ka metikali ndi kwacha, ndi zanyengo zochokera ku INAM zimatha ntchito m'masiku ochepa. Chenjezo la namondwe Freddy la mu Malichi 2023 likayamba kuzunguliranso lopanda deti, lingathe kuopseza mudzi wonse pachabe. Mtengo wa chaka chatha nawo ungachititse mlimi kukana wogula wabwino kapena kugulitsa motchipa. N'chifukwa chake fayilo iliyonse iyenera kupatsidwa dzina lokhala ndi deti ndi komwe yachokera, mwachitsanzo "chimanga mbozi IIAM 2025". Za muyezo wa mankhwala, mlimi ayerekeze ndi zolembedwa pa botolo kapena afunse mlangizi wa ku SDAE asanapopere.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo okonza mafoni nthawi zina amaifufuta yonse. Fayilo yofunika ikhale m'malo awiri, mu foni ndi pa memori khadi kapena mu foni ya wachibale, ndipo memori khadi ichotsedwe foni isanapite kokonzedwa.